Nyamakazi ya Ana Imene Imaononga Mtima

Nyengo ya chisanu ikafika ku mapiri a Ntcheu, mu June ndi July, mau akuti nyamakazi amamveka m'midzi yambiri. Agogo amadandaula maondo, olima mbatata ya kachewere amadandaula msana, ndipo anthu amangoti nkuzizira. Koma dzina limodzi lomweli labisa nthenda zingapo zosiyana. Imodzi mwa izo imagwira ana a sukulu, imayamba ndi zilonda za pakhosi, nkukathera mu mtima. Phunziro la mwezi uno likunena za nthenda imeneyi, ndiponso chifukwa chake ikuphabe ana a m'midzi monga ya ku Nzama, pamene kwa anthu okhala pafupi ndi zipatala zabwino inatsala pang'ono kutheratu.

MITUNDU INAI YA NYAMAKAZI

Madokotala amasiyanitsa nthenda zambiri za m'mfundo za mafupa, koma zinai ndizo zoyenera kuti munthu wa kumudzi azidziwe.

Yoyamba ndi nyamakazi ya ukalamba. Pa nsonga za mafupa pali kanyama koterera kamene kamathandiza bondo kupindika bwino, ndipo kanyama kameneka kamatha pang'onopang'ono monga limathera khasu lakale. Imagwira kwambiri maondo, chiuno ndi msana wa anthu amene asenza katundu zaka zambiri. Imapweteka ndithu, koma siigwira mtima.

Yachiwiri imatupitsa mfundo za zala za manja onse awiri, ndipo m'mawa zala zimauma kotero kuti munthu satha kugwira mpini kufikira dzuwa litakwera. Imakonda akazi koposa amuna. Ikalekereredwa zala zimapindika osaongokanso. Mankhwala oiletsa alipo, monga methotrexate, koma amaperekedwa ndi dokotala yekha, pamodzi ndi kupima magazi kawirikawiri.

Yachitatu imadzidzimutsa munthu usiku ndi ululu woopsa pa chala chachikulu cha kuphazi. Imeneyi ndi gout. Imakonda amuna akuluakulu, ndipo mowa ndi nyama yambiri zimaiputa.

Yachinai ndiyo ya ana, imene madokotala amaitcha rheumatic fever m'Chingerezi. Imagwira makamaka ana a zaka 5 kufikira 15. Ululu wake umatha wokha patapita milungu yochepa, ndipo ichi ndicho chimanyenga makolo, pakuti amayesa mwana wachira pamene nthenda yangosamukira mu mtima.

CHIYAMBI CHAKE NDI PAKHOSI

Pali tizirombo tating'ono tosaoneka ndi maso totchedwa streptococcus. Timachoka kwa mwana wina kupita kwa mnzake potsokomola, poyetsemula, ndi pogona ambiri m'chipinda chimodzi chopanda mazenera. Tikalowa pakhosi mwana amatentha thupi, amamva kupweteka pomeza, anabere amatupa m'khosi, ndipo nthawi zina m'kati mwa khosi mumaoneka timadontho toyera ta mafinya. Kawirikawiri sipakhala chifuwa kapena mamina. Tizirombo tomweti timapezekanso m'zilonda za pakhungu zotuluka mafinya, makamaka mwa ana odwala mphere, ndipo madokotala aona kuti kumene zilonda zotere zachuluka, nyamakazi ya ana imachulukanso.

Si zilonda zonse za pakhosi zimene zili zoopsa, iai. Zambiri zimadza ndi chimfine ndipo zimapola zokha. Koma kholo silingathe kusiyanitsa ndi maso, ndipo chifukwa chake mwana wotentha thupi ndi kupweteka pakhosi ayenera kuonedwa ku chipatala.

Tizirombo tikalowa, thupi limatuma asilikali ake kuti atiphe. Mwa ana ena asilikali amenewa amasokonezeka, pakuti tizirombo timafanana pang'ono ndi minofu ya mtima ndi ya m'mfundo za mafupa. Tsono m'malo momenya mdani yekha, amamenyanso mwini mudzi. Izi zimaoneka patapita milungu iwiri kapena itatu, nthawi imene aliyense waiwala kale kuti mwana anadwala pakhosi.

ZIZINDIKIRO ZAKE

Mwana amatentha thupi ndi kupweteka mfundo zazikulu, monga maondo, akakolo ndi zigongono. Mfundo imatupa, imatentha, ndipo mwana amakana kuti aikhudze. Chizindikiro chachikulu ndi chakuti ululu umayenda: lero uli pa bondo la kumanja, pakapita masiku awiri wasamukira pa kakolo wa kumanzere.

Ana ena, makamaka atsikana, amayamba kugwedeza manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa mbale, ndi kulemba mokhotakhota m'kalasi. Izi zimatha kudza patapita miyezi ingapo. Mwana wotere kawirikawiri amadzudzulidwa kuti ndi wamwano, kapena anthu amati walodzedwa, pamene akudwala nthenda yodziwika bwino ku chipatala.

ZIMENE ZIMACHITIKA MU MTIMA

Mtima uli ndi zipinda zinai ndi zitseko zinai. Zitseko zimatseguka kuti magazi apite kutsogolo, nkutsekanso kuti asabwerere. Nyamakazi ya ana imatupitsa zitseko zimenezi, makamaka za mbali ya kumanzere. Maondo amachira osatsala kanthu, koma chitseko cha mtima chimapola ndi chipsera. Mwana akadwalanso pakhosi nthenda imabwerera, chipsera chimakula, kufikira chitseko chileka kutseka bwino kapena kutseguka bwino, monga chitseko cha nyumba chimene chafufuma ndi mvula.

Pamenepo mtima umagwira ntchito yoposa mphamvu zake. Mnyamata amene anali kuthamanga ndi anzake amayamba befu pokwera chitunda chaching'ono. Miyendo imatupa, satha kugona chagada, amatsokomola usiku, ndipo ena amafa ziwalo mwadzidzidzi ali achinyamata. Atsikana ambiri sadziwa kuti mtima wao unaonongeka kufikira atatenga pakati, pakuti mai woyembekezera magazi ake amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo chitseko chopunduka chimalephera katundu woteroyo.

MANKHWALA ALIPO, NDIPO NDI AKALE

Mankhwala opha tizirombo timeneti ndi penisilini, amene anatulukiridwa ndi Alexander Fleming ku London m'chaka cha 1928. M'chaka cha 1950 madokotala a ku America anaonetsa pakati pa asilikali a ku Wyoming kuti munthu wodwala pakhosi akalandira penisilini, nyamakazi imeneyi kawirikawiri siimgwira. Kufikira lero tizirombo timeneti timafabe ndi penisilini.

Penisilini amagwira ntchito ziwiri. Ntchito yoyamba ndi kutseka njira: mwana wodwala pakhosi amalandira jekeseni imodzi, kapena mapiritsi a masiku 10. Mapiritsi ayenera kumwedwa onse, ngakhale khosi litapola tsiku lachitatu. Ntchito yachiwiri ndi kulondera mtima wa mwana amene wadwala kale nyamakazi. Iyeyu amalandira jekeseni ya benzathine penicillin milungu inai iliyonse, kapena itatu monga anenera dokotala, kuti tizirombo tisapezenso malo. Amatero zaka zambiri, kawirikawiri 10 kapena kufikira atakula, ndipo amene mtima wao waonongeka kwambiri amapitiriza koposa apo.

Mapiritsi opha ululu ogula pa golosale amatonthoza bondo, koma sapha tizirombo ndipo salondera mtima. Kutema mphini pa bondo nakonso sikufika kumene kuli nthenda.

CHIFUKWA CHIANI ENA AMAFA, ENA SAFA?

Zaka 100 zapitazo nthenda imeneyi inali kupha ana ambiri ku England ndi ku America, ndipo kunali zipatala zogonekamo ana odwala mtima okhaokha. Inayamba kuchepa pamene anthu analeka kupanikizana m'nyumba, ndipo penisilini atafika inatsala pang'ono kutha. Lero madokotala ambiri a kumeneko amafika popuma ntchito asanaione ndi maso.

Komabe pa dziko lonse anthu oposa 300,000 amafa nayo chaka chilichonse, ndipo ambiri a iwo ndi a ku Africa, ku Asia ndi ku zilumba za Pacific. Ngakhale m'maiko olemera siinathe kwa onse. Ku Australia ikugwirabe ana a Aaborijini okhala kutali ndi mizinda, ndipo ku New Zealand ikugwira ana a Amaori koposa ana a Azungu a m'dziko lomwelo. Izi zikusonyeza kuti nthendayi imatsata nyumba zopanikizana, umphawi, ndi kutalika kwa chipatala. Dziko la Cuba silolemera, koma m'chigawo cha Pinar del Río, kuyambira 1986 kufikira 1996, anaphunzitsa makolo, aphunzitsi ndi anamwino, nasunga maina a odwala onse m'kaundula, ndipo nthenda inachepa kwambiri ndi penisilini yemweyu.

M'DZIKO LA MALAWI

Madokotala anaunika mitima ya ana 1,450 a zaka 5 kufikira 16 m'boma la Lilongwe, nalengeza zimene anapeza m'chaka cha 2016. Pa ana 100 alionse, atatu kapena anai anali ndi zizindikiro za nthenda m'zitseko za mtima, ndipo pa ana 1,000 alionse, pafupifupi 7 anali nayo mosakayikitsa. Ana amenewa anali kuyenda ndi kusewera monga anzao, ndipo palibe anadziwa kuti akudwala.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse a m'Malawi, 84 amakhala kumidzi, ndi kuti boma la Ntcheu lokha linali ndi anthu oposa 650,000. Koma zipatala zazikulu za Boma ndi zinai zokha: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, cha ku Zomba ndi cha ku Mzuzu. Makina ounikira mtima ndi madokotala odziwa bwino za mtima ndi za nyamakazi amapezeka makamaka kumeneko, ndipo ndi ochepa.

ULENDO WA MWANA WA KU NZAMA

Nzama ali ku mapiri a kumadzulo kwa boma la Ntcheu, kufupi ndi malire a Mozambique. Ansembe a Montfort anamanga mishoni kumeneko m'chaka cha 1901, ndipo pali chipatala chaching'ono cha mishoni. Mwana wa m'midzi ya kumeneko akadwala pakhosi, pali mipanda isanu imene ayenera kudumpha, imene mwana wa munthu wolandira malipiro ku Lilongwe saiona nkomwe.

Mpanda woyamba ndi wa kunyumba. Kupweteka pakhosi kumaoneka ngati nthenda yaing'ono, yosayenera kuti mai asiye kumunda tsiku lonse.

Mpanda wachiwiri ndi msinkhu wa mwanayo. Alangizi a zaumoyo amene amapereka mankhwala m'midzi amathandiza ana osafika zaka 5. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa ndalama pang'ono kuti ntchito yao iyende. Kuyambira 2006 Boma lakhala likupangana ndi zipatala zambiri zotere kuti lizilipirira odwala ena, koma mapangano amenewa amayang'ana makamaka amai oyembekezera ndi ana aang'ono. Tsono mwana wa zaka 9, amene ndiye ali pa msinkhu wa nthenda imeneyi, amagwera pakati. Chipatala cha Boma ndi chaulere, koma ulendo wopita ku Ntcheu pa njinga yamoto kapena pa galimoto suli waulere.

Mpanda wachitatu ndi kupima. Mwana wotentha thupi ndi kuphwanya m'mfundo amaoneka ngati wa malungo. Magazi akasonyeza kuti alibe malungo, nkofunika kuti kholo linene zonse: kuti ululu ukuyenda, ndi kuti mwezi watha mwana anadwala pakhosi. Dokotala akamva phokoso lachilendo mu mtima amatumiza mwana ku chipatala cha boma, ndipo kuchokera ku Ntcheu kupita ku Lilongwe ndi mailosi pafupifupi 100. Pa ulendo wotere pafunika ndalama za anthu awiri, chakudya, ndi munthu wotsala ndi ana ena kumudzi.

Mpanda wachinai ndiwo wautali koposa. Jekeseni ya masiku 28 alionse ndiye kuti maulendo 13 pa chaka, ndipo pa zaka 10 ndi maulendo 130. Ena a maulendo amenewa amagwa m'dzinja, pamene misewu ya dothi yaterera, mitsinje yadzala, ndipo nkhokwe zilibe kanthu. Jekeseniyo imapwetekanso, ndipo mwana amene akudzimva bwino safuna kubayidwa. Ambiri amene amaleka satero chifukwa cha ulesi, iai, koma chifukwa katundu wakula.

Mpanda wachisanu ndi opaleshoni. Chitseko chikaonongeka kotheratu, mankhwala amangochepetsa kutupa ndi befu, ndipo chotsala ndi kung'amba chifuwa kuti akonze chitsekocho kapena aikepo china. Opaleshoni yotere ndi yosowa m'dziko lino. Kwa zaka zambiri Boma lakhala likutumiza odwala ena kunja, makamaka ku India, koma oyembekeza amachuluka koposa opita. Wolandira chitseko chachitsulo ayeneranso kumwa mankhwala osungunula magazi moyo wake wonse ndi kupimitsa magazi kawirikawiri, chinthu chovuta kwa munthu wokhala kutali ndi chipatala. Akulu anati m'mera mpoyamba. Mwana wa ku Nzama ali ndi mwai waukulu pa mpanda woyamba ndi wachiwiri, pamene mtengo wake ndi ulendo umodzi ndi jekeseni imodzi.

ZIMENE ZAYAMBA KUCHITIKA

M'chaka cha 2018 maiko a m'bungwe la zaumoyo la dziko lonse, WHO, anagwirizana ku Geneva kuti alimbane ndi nthenda imeneyi. M'chaka cha 2021 kunalengezedwa zotsatira za kafukufuku wa ku Gulu m'dziko la Uganda, pa ana amene nthenda inali itangoyamba mu mtima. Pa ana pafupifupi 400 amene analandira jekeseni milungu inai iliyonse kwa zaka ziwiri, atatu okha ndiwo nthenda inakula. Pa ana 400 amene sanalandire, inakula mwa 33.

Kuno ku Malawi, boma la Neno, limene lachita malire ndi Ntcheu ndipo nalonso ndi la mapiri, lasonyeza njira. Bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, limene lagwira ntchito ndi Boma kumeneko kuyambira 2007, linathandiza kutsegula makiliniki a nthenda zazikulu zokhalitsa ku chipatala cha Neno ndi cha Lisungwi. Anamwino ndi madokotala a pa boma pomwepo anaphunzitsidwa kuunika mtima ndi makina ang'onoang'ono ndi kusamala odwala, kotero kuti ambiri safunikanso kupita ku Blantyre. Njira imeneyi imatchedwa PEN-Plus, ndipo mu August 2022 nduna za zaumoyo za maiko a mu Africa zinaivomereza pa msonkhano wao ku Lomé m'dziko la Togo. Phunziro lake ndi lakuti chithandizo chingathe kusendera kufupi ndi anthu, m'malo moti anthu okha ndiwo azichitsata.

ZOYENERA KUCHITA

1. Makolo atengere ku chipatala mwana aliyense wotentha thupi ndi kupweteka pakhosi, asanapite masiku awiri kapena atatu. Mapiritsi amwedwe onse, osagawira mwana wina.

2. Mwana wa sukulu akatupa bondo kapena kakolo asanagwe, asatchedwe wa nyamakazi ya chisanu. Apite ku chipatala, ndipo kholo lipemphe kuti amve mtima wake.

3. Mphere ndi zilonda za pakhungu zichiritsidwe msanga. Ana asambe ndi sopo, zofunda ziyanikidwe pa dzuwa, ndipo pomanga nyumba kapena gowelo paikidwe mazenera.

4. Wolandira jekeseni asunge bwino buku lake la kuchipatala, ndipo tsiku lobwerera lilembedwemo. Tsiku likaphonyeka apite mawa lake, osadikira mwezi wina. Amene anatupapo kapena kutuluka zidzolo ndi penisilini auze dokotala asanabayidwe.

5. Mtsikana kapena mai amene anauzidwa kuti ali ndi nthenda ya mtima aonane ndi dokotala asanatenge pakati, ayambe sikelo msanga, ndipo akachirire ku chipatala chachikulu.

6. Aphunzitsi akhale maso ndi mwana amene wayamba befu pa masewera, kapena amene kalembedwe kake kasintha mwadzidzidzi, ndipo auze makolo. Mwana wopita ku jekeseni asalembedwe kuti wajomba.

7. Mafumu, mipingo ndi makomiti a zaumoyo adziwe mabanja amene ali ndi mwana wa jekeseni, ndipo athandize pa ulendo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Komiti ya chipatala ingathenso kupempha akuluakulu a zaumoyo a pa boma kuti maina a odwala otere asungidwe m'kaundula, ndi kuti jekeseni ziziperekedwa pa chipatala chapafupi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

Kodi nyamakazi ya ana isiyana bwanji ndi ya agogo? Pamapita milungu ingati kuchokera pa zilonda za pakhosi kufikira maondo atupa? Nchifukwa chiani mwana amene akuoneka kuti wachira ayenera kulandirabe jekeseni? Pa mipanda isanu ija, ndi uti umene anthu a m'mudzi angathe kugwetsa okha, ndipo ndi uti umene ufunika kunenedwa kwa makhansala ndi aphungu?

Amene awerenga phunziro ili awerengerenso anzao amene sadziwa kuwerenga, pa bwalo la mfumu, pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndi pa tsiku la sikelo. Kholo limene lamva mau awa lidzadziwa chochita tsiku limene mwana adzakana nsima nati pakhosi pakupweteka.